Kuchokera pa galasi kufika pa foni: mbiri ya zithunzi zogona m'masutikesi a ku Chongwe

Zithunzi zinafika kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi kamera isanafike. Mu Januwale 1854, David Livingstone ali pa ulendo wopita ku Luanda anaima kwa mfumu Shinde ya Alunda, ndipo kumeneko anayatsa nyali yake yoonetsera zithunzi. Nyaliyo inali bokosi lokhala ndi moto mkati. Kutsogolo kwake ankalowetsa kagalasi kojambulidwa ndi utoto, ndipo kuwala kukadutsa pa kagalasiko kunkaponya chithunzi chachikulu poti onse aone. Choyamba kuoneka chinali cha Abrahamu atasamula mpeni kuti aphe mwana wake Isake. Pamene kagalasi kankachotsedwa, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa oonerera, amayi n'kubalalika kuthawa. Shinde anakhalabe phee, ndipo zitatha anachiyang'anitsitsa chipangizocho mwachidwi.

Kagalasi kameneko ndiko kholo la masilaidi amene lero amapezeka m'makabati a mishoni ndi masukulu akale. Kuchokera tsiku limenelo mpaka lero, pamene mdzukulu ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, akuika chithunzi cha agogo ake pansi pa foni kuti achisunge, funso lakhala limodzi: ndani akujambula, ndipo chojambulidwacho chikusungidwa ndi yani?

Negetivi, ndi alendo oyamba

Luso lojambula ndi kuwala linalengezedwa ku Paris mu 1839, pamene Louis Daguerre anaonetsa njira yogwirira chithunzi pa mbale ya mkuwa yokutidwa ndi siliva. Njirayo inkatulutsa chithunzi chimodzi basi, chosatheka kuchichulukitsa. Mu 1841 William Henry Fox Talbot wa ku England analembetsa njira ina, yomwe inkayamba ndi kutulutsa chithunzi chotembenuka: poyera pakuda, pakuda poyera. Imeneyi ndiyo negetivi. Kuwala kukadutsa pa iyo n'kugwera pa pepala lamankhwala, chithunzi chenicheni chimatuluka, ndipo munthu angabwereze kangapo konse mmene akufunira. Negetivi ili ngati chimanga cha mbewu: chithunzi cha papepala chikatha, iyo ikakhalapo mukhoza kukololanso.

Manegetivi oyambirira a chigwa cha Zambezi anapangidwa pa ulendo wa Livingstone wa 1858 mpaka 1864. Mng'ono wake, Charles Livingstone, ndiye anapatsidwa ntchito yojambula, koma mankhwala ndi magalasi ake ankavuta m'dziko lotentha. Dokotala wa gululo, John Kirk, ankagwiritsa ntchito mapepala opaka phula, ndipo zake zinatheka bwino. Kamera za nthawi imeneyo zinkafuna kuti chojambulidwa chikhale chosagwedezeka kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake zambiri mwa zithunzi za Kirk ndi za nyumba, mitengo ndi maboti. Mu 1860 gululi linadutsa pamene mtsinje wa Chongwe umathira mu Zambezi. Zithunzi za Kirk zilipo mpaka lero, koma zili ku Edinburgh, mu National Library of Scotland. Mchitidwe unayambira pomwepo: chithunzi chijambulidwe kuno, chikasungidwe kutsidya kwa nyanja.

Mishoni, sukulu ndi boma

Pamene kamera inkafika kudzakhazikika m'dziko la Asoli, kuno ku Chongwe, inali itapepuka kale. George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, chaka chotsatira n'kubweretsa filimu yofewa yokulunga, ndipo mu 1900 kamera ya Brownie inkagulidwa dola imodzi. Mu 1905 njanji inafika pa Lusaka, ndipo chaka chomwecho wansembe wachiJesuit, Bambo Julius Torrend, anayambitsa mishoni ya Kasisi. M'zaka za m'ma 1920 pa Kasisi panatsegulidwa nyumba ya ana amasiye, yomwe masisitere ochokera ku Poland anaitenga n'kuiyendetsa. Mu 1935 Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia, ndipo mu 1939 sukulu yophunzitsa aphunzitsi inakhazikitsidwa pa Chalimbana.

Malo oterewa ndiwo anali ndi makamera. Amishoni ankajambula tchalitchi, ana asukulu ndi obatizidwa, n'kumatumiza zithunzizo kwa owathandiza ku Ulaya. Boma la atsamunda linkajambula mafumu, misonkhano ndi minda yachitsanzo kuti likaike m'malipoti ndi m'nyuzipepala, monga Mutende yomwe inayamba mu 1936. Zithunzi zimenezi n'zamtengo wapatali, pakuti popanda izo sitikanaona nkhope za nthawi imeneyo. Koma zili ndi chilema chimodzi chowawa. Pansi pake kawirikawiri pamalembedwa dzina la mzungu, pamene anthu khumi kapena makumi awiri oima naye amangotchedwa ophunzira, antchito kapena anthu a m'mudzi. Aliyense wa iwo anali ndi dzina, mfunda ndi mudzi wake, koma wolembayo sanafunse.

Pamene anthu anayamba kudzijambulitsa okha

Zinthu zinasinthira m'masitudiyo a mu Lusaka. M'zaka za m'ma 1950 amalonda ochokera ku India anatsegula malo ojambulirako anthu, ndipo amodzi mwa akale kwambiri ndi Fine Art Studios. Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa mzindawu, pa msewu wa Great East, choncho munthu wokagulitsa mbewu kapena wokaona abale ankatha kupatukira ku situdiyo. Kumeneko, kwa nthawi yoyamba, wojambulidwa ndiye ankasankha. Ankavala suti kapena chitenje chimene wakonda, n'kuima pafupi ndi maluwa kapena wailesi, kulipira ndalama zake, n'kupita nacho chithunzicho kwawo.

Ufulu wa pa 24 Okutobala 1964 unabwera ndi chinthu china chimene chinafikitsa kamera kwa aliyense: reji. Lamulo linafuna kuti nzika iliyonse yofika zaka 16 ikhale ndi chiphaso chokhala ndi nkhope yake. Kwa agogo ambiri a m'midzi, kachithunzi ka pa reji ndiko kanali koyamba, ndipo m'mabanja ena ndiko kokha katsala. Kameneko ndiko achibale amakathamangira kukakulitsa maliro akagwa.

Kenako anabwera ojambula oyendayenda. Mnyamata ankagula kamera ya Yashica, Pentax kapena Zenit, n'kumayenda pa njinga m'midzi, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Filimu yake inali ya mamilimita 35, msinkhu umene kamera ya Leica inautchukitsa kuyambira mu 1925, ndipo mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 24 kapena 36. Wojambulitsa ankapereka ndalama yachikole n'kudikira kuti filimu idzale, ipite ku Lusaka kukatsukidwa, ibwere. Ankadikira masabata, nthawi zina n'kumva kuti filimu inapsa. Chifukwa chakuti kudina kulikonse kunali ndalama, anthu sankajambulitsa mwachisawawa. Ankasankha masiku akuluakulu: Khirisimasi, ukwati, ubatizo, mgonero woyamba ku Kasisi, tsiku lolandira satifiketi ku Chalimbana, chionetsero cha zaulimi, kapena mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera Asoli kupempha mvula. Kumbuyo kwa chithunzi kunkadindidwa chidindo cha situdiyo, ndipo mwini wake ankalembako tsiku ndi mawu opita kwa mlongo wake ku Kitwe kapena kwa bwenzi lake ku Chipata.

Pali mfundo ina ya nthawi imeneyi imene aliyense wofuna zithunzi zakale ayenera kuidziwa. Nthawi zambiri wojambula ankapereka chithunzi cha papepala chokha, negetivi n'kutsala nayo, kuti wofuna china abwerenso kwa iye. Choncho nkhope za mudzi wonse, za zaka khumi kapena makumi awiri, zikhoza kukhala m'katoni imodzi m'nyumba ya munthu amene kale ankayenda ndi kamera, kapena m'manja mwa ana ake amene sadziwa kuti timizere tabulauni timeneto n'ta ntchito yanji.

Masilaidi anayenda njira ina. Filimu ya Kodachrome, yomwe inatuluka mu 1935 ndipo chaka chotsatira inayamba kupezeka ya mamilimita 35, inkatulutsa chithunzi chamitundu pa filimu pomwepo, chomangidwa m'kafelemu ka katoni, choonetsedwa pa khoma ndi pulojekita. Kutsuka kwake kunali kovuta kwambiri moti filimu inkatumizidwa kunja kwa dziko. Amene ankakwanitsa zimenezi anali ansembe, aphunzitsi ochokera kunja ndi akatswiri a zaulimi. N'chifukwa chake zithunzi zamitundu za Zambia wa m'ma 1960 ndi 1970 zambiri zinapita ndi eni ake atamaliza ntchito, ndipo zili m'nyumba za ana awo ku Britain, Ireland, Canada ndi Poland.

Zaka zovuta, ndi kutha kwa filimu

Mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, ndalama zakunja zinasowa, ndipo filimu, mapepala ndi mankhwala otsukira, zonse zochokera kunja, zinadula ndi kusowa. Inalinso nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe. Mu Novembala 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia, kuphatikizapo wa pa mtsinje wa Chongwe pa msewu wa Great East. M'masiku amenewo, kutulutsa kamera pafupi ndi mlatho, kampu ya asilikali kapena bwalo la ndege, lomwe lili m'boma lomweli la Chongwe, kunali kudziputira mlandu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene zithunzi za m'mabanja zimaonetsa anthu ambiri koma malo ochepa. Msika, siteji ya basi kapena sitolo zimangooneka mwangozi kumbuyo kwa munthu, ndipo kambali kameneko nthawi zina ndiko umboni wokhawo wa mmene malowo ankaonekera.

Malonda atamasuka pambuyo pa 1991, makina otsuka zithunzi zamitundu m'kanthawi kochepa anachuluka mu Lusaka, ndipo maalubamu anadzaza. Koma chimene chidzathetse filimu chinali chitabadwa kale. Mu 1957 Russell Kirsch, wa ku National Bureau of Standards ku America, analowetsa chithunzi cha mwana wake wakhanda mu kompyuta, chogawidwa m'timadontho 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Kumeneko ndiko kunali kubadwa kwa sikana. Mu 1975 Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak yomweyo, anapanga kamera yosafuna filimu. Patapita zaka makumi atatu, makamera otere ndi mafoni zinalanda msika. Kodak inasiya kupanga Kodachrome mu 2009, ndipo mu Januwale 2012 kampaniyo inakapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole. Wojambula wa pa njinga anaika kamera pansi, masitudiyo ambiri n'kutseka kapena kusanduka malo a fotokope.

Adani a m'sutikesi

Zimene zinatsala m'nyumba zikuwonongeka, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Chithunzi chimakhala m'kansalu kopyapyala ka jelatini, chinthu chochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, chomwe nkhungu imachidya. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyontho chimalowa m'sutikesi, nkhungu n'kumera, zithunzi n'kumatirirana. Mu Okutobala kutentha kwa pansi pa malata kumafulumizitsa kuwola kwa mankhwala. Chiswe, mphemvu ndi makoswe zimamaliza zotsala.

Filimu nayo ili ndi matenda ake. Yakale kwambiri, yopangidwa isanafike 1951, ikhoza kukhala ya naitireti, yomwe imayaka moto msanga ndipo siyenera kukhala pafupi ndi mbaula. Yotsatira, ya asiteti, ikayamba kuwola imanunkha ngati viniga, imakwinyika n'kuuma, ndipo mpweya wake umawononga ina yoyandikana nayo. Zithunzi zakuda ndi zoyera, zopangidwa ndi siliva, zimapirira. Zamitundu n'zopangidwa ndi utoto wa mitundu itatu umene sufwifwa mofanana, n'chifukwa chake zithunzi za ukwati wa m'ma 1980 zimasanduka zofiirira. Maalubamu a masamba omata aja, amene anthu ankawanyadira, guluu wake amadya pepala. Zodabwitsa n'zakuti chithunzi cha 1958 chikhoza kukhala chowala kuposa cha 1995.

Amene anayamba kupulumutsa

Ntchito yosamutsira zakale mu kompyuta inayambira m'maofesi. M'zaka za m'ma 2000, National Archives of Zambia, mothandizidwa ndi dziko la Finland, inalowetsa mu kompyuta mabuku a maboma a nthawi ya atsamunda pamodzi ndi zithunzi zakale. Zikalata za chipani cha UNIP nazo zinajambulidwa kudzera mu Endangered Archives Programme ya British Library. Ntchito zimenezi zinapulumutsa mbiri ya boma ndi ya ndale, koma mbiri ya m'banja sinali m'menemo.

Imeneyo inatulukira kwina. Mu 2018 wojambula wa ku Lusaka, Sana Ginwalla, anapeza m'chipinda cha m'denga cha Fine Art Studios mulu wa zithunzi, manegetivi ndi masilaidi amene eni ake sanabwere kudzatenga. Anayamba kuzilowetsa mu kompyuta n'kuzionetsa pansi pa dzina lakuti Zambia Belonging, ndipo anthu anayamba kutumiza za m'maalubamu a kwawo. Ntchito yomweyo inabwezeretsa poyera dzina la a Alick Phiri, amene anaphunzira luso lawo pa situdiyo yomweyo n'kudzatsegula yawo ya Kwacha ku Kanyama, ndipo anasunga manegetivi awo kwa zaka zambiri. Phunziro lake n'loonekeratu: nkhokwe yaikulu ya nkhope za anthu wamba ili m'manja mwa anthu wambawo, ndipo palibe ofesi imene idzagogode khomo lililonse ku Lwimba, Katoba kapena Palabana kudzaifunsa.

Ntchito ya pakhonde

Apa ndi pamene mbiriyi yafika, pa ntchito imene banja lingachite lokha. Chithunzi cha papepala n'chosavuta. Sikana wamba, ngati wa m'mashopu a fotokope pa Chongwe, amakwanira, bola auzidwe kutenga madontho 600 pa inchi, osati ochepa aja a makalata. Popanda sikana, foni imagwira ntchito: chithunzi chigonekedwe pamthunzi wowala wa pakhonde, fulashi izimitsidwe, foni igwiridwe molunjika pamwamba pake. Kumbuyo kujambulidwenso, pakuti chidindo ndi zolemba za pamanja ndi theka la nkhani.

Negetivi ndi silaidi zimafuna kuwala kodutsa kuchokera kumbuyo, choncho sikana wamba sangazithe. Pamafunika wokhala ndi nyali m'chivundikiro, monga Epson V600, kapena wa filimu yokhayokha, monga Plustek OpticFilm. Kachithunzi ka pa filimu ndi ka mamilimita 24 kwa 36 okha, motero kamafuna madontho 2,400 pa inchi kapena kuposa, zomwe zimapereka timadontho pafupifupi 8 miliyoni, tokwanira kukulitsa chithunzi chopachika pakhoma. Makina ena ali ndi kuwala kofufuza fumbi n'kulifufuta, koma sikugwira pa filimu yakuda ndi yoyera chifukwa cha siliva. Wopanda makinawa akhoza kuika negetivi patsogolo pa sikirini yoyera ya foni ina, motalikirako pang'ono kuti timadontho ta sikiriniyo tisaoneke, n'kuijambula pafupi, kenako n'kuitembenuza ndi pulogalamu. Sizifika pa ubwino wa sikana, koma nkhope imaoneka ndipo imazindikirika. Makina amodzi akhoza kutumikira mpingo wonse kapena sukulu yonse, ndipo chilala cha 2024, chomwe chinachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba n'kuzimitsa magetsi kwa maola ambiri, chinaonetsa kuti ndi bwino kudalira laputopu ndi sola.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Filimu imagwiridwa m'mbali, ndi manja oyera ndi ouma. Fumbi limachotsedwa ndi kabulashi kofewa, osati ndi madzi kapena malovu. Zithunzi zomatirirana sizikanganulidwa mokakamiza, ndipo chithunzi chakale sichimatidwa m'pulasitiki ya moto, chifukwa chikalowamo sichitulukanso. Fayilo yoyamba isungidwe mmene yatulukira, yosakonzedwa. Mapulogalamu amakono opaka mitundu ndi kusalaza nkhope amawonjezera zimene panalibe, mpaka agogo kutuluka ndi maso a munthu wina. WhatsApp imafinya zithunzi, kupatula zikatumizidwa ngati dokyumenti. Foni imabedwa, fulashi disiki imafa, choncho makope akhale atatu, limodzi likhale kwa wachibale wa kutali kapena pa intaneti. Ndipo zoyambirira zisatayidwe: ziikidwe m'maenvulopu a pepala, m'chipinda chozizirirapo, pamwamba potalikira pansi ndi khoma. Negetivi ya zaka 60 ikuwerengekabe ndi maso, pamene madisiki ambiri a zaka 20 zapitazo alibenso makina owatsegula.

Si chithunzi chilichonse choyenera kupita pa Facebook. Za pa chinamwali, za pamaliro ndi za odwala zili ndi eni ake, ndipo akulu a banja afunsidwe kaye.

Gawo lalikulu la ntchitoyi silifuna magetsi. Ndilo kukhala pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume, chithunzi chili m'manja, n'kufunsa modekha: “Agogo, awa aima kumanzerewa ndani? Apa panali pati? Chinali chaka chiti, ine ndisanabadwe kapena nditabadwa?” Mayankho alembedwe m'kope, alowe m'dzina la fayilo, ndipo mawu a wokambayo ajambulidwe pa foni. Munthu amene anali ndi zaka 20 pa tsiku la ufulu lero wapitirira zaka 80. Filimu ikhoza kudikira nyengo zina zingapo za mvula, koma anthu odziwa mayina akutha chaka ndi chaka. Ngati tisunga nkhope popanda mayina, tidzakhala tachitira makolo athu zomwe tikudandaula kuti alendo anawachitira, ndipo ulendo uno cholembera chili m'manja mwathu. Banja lililonse limene lili ndi sutikesi ya zithunzi ndi nkhalamba yokumbukira liyambe ndi nkhalambayo, mvula ya chaka chino isanagwe.